Wolowa m'munda popanda odi

Mlimi wa mpunga ku Chama safuna pepala kuti adziwe pomwe munda wake wathera. Pali chulu, pali mkuyu uja, ndipo a nyakwawa akudziwa. Madzi a m'dambo amangodutsa m'minda yonse osapempha, koma dothi lili ndi mwini wake.

Intaneti ili ngati madzi amenewo. Uthenga wa WhatsApp wochoka ku Chama kupita kwa alamu ku Rumphi sudindidwa chidindo pamalire. Koma nsanja ya foni, mawaya ndi makompyuta osunga zinthu zakhazikika panthaka ya dziko linalake. Pamenepa m'pamene akatswiri a maboma ku United Nations anagwirizana mu 2013 ndi 2015: malamulo a pakati pa mayiko amagwiranso ntchito pa intaneti, ndipo dziko lili ndi ulamuliro pa zipangizo zili m'dera lake. Nsanja ya ku Chama imayang'aniridwa ndi bungwe la ZICTA la ku Zambia, ya ku Rumphi ndi la MACRA la ku Malawi.

Anagwirizananso mfundo yofanana ndi ya ziweto. Dziko lisalole mwadala kuti anthu azivulaza dziko lina ali panthaka yake, monga mwini ng'ombe satsekula khola akuona kuti zikulunjika mpunga wa mnzake. Kungoti ng'ombe imasiya mapazi, mumawalondola mpaka pakhola. Wakuba pa kompyuta amadutsitsa mapazi ake m'mayiko angapo, ndiye mwini khola amangokana.

Mkangano weniweni uli pa munthu amene walowa m'munda usiku, sanathyole ngala ngakhale imodzi, wangosuzumira m'nkhokwe n'kuwerenga matumba. Walakwa? Mu 2018 mkulu wa zamalamulo m'boma la Britain, Jeremy Wright, anati kulowa kokhako m'makompyuta a dziko lina si mlandu woima pawokha. Mlandu umabwera ngati wolowayo akukakamiza dziko pa nkhani zake za m'nyumba, monga chisankho. Ine ndimaona kuti maganizo otere amakomera mayiko a miyendo italiitali, otha kulowa ponseponse. Zambia ndi Malawi si a m'gulu limenelo.

Mayiko a mu Africa anayankha mu Januwale 2024 kudzera ku African Union: boma likalowa m'makompyuta a dziko lina popanda chilolezo, laphwanya ulamuliro wa dzikolo, kaya laononga kanthu kaya ayi. Kubwalo la mfumu Kambombo ku Chama, munthu wopezeka pankhokwe ya eni pakati pausiku sangapulumuke ponena kuti amangoyang'ana.