Kalongonda Achepetsa Matenda a Mizu ya Matimati

Alimi ambiri a ku Mbulumbuzi, ku Namadzi ndi m'mbali mwa mtsinje wa Mombezi, m'boma la Chiradzulu, amapeza ndalama pogulitsa matimati ku Limbe ndi ku Blantyre. Koma alipo madimba ena amene matimati ake amafota dzuwa likakwera ngakhale athiriridwe bwino, masamba nachita chikasu. Mwini dimba amathira feteleza, osaona kusintha.

Mlimi wotere ayenera kuzula tsinde limodzi ndi kuyang'ana mizu. Akaipeza yotupa mfundomfundo, adziwe kuti m'nthakamo muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso totchedwa nematodi. Timalowa mu mizu ndi kutsekereza madzi ndi chakudya. Kamodzi kokha kamaikira mazira mazanamazana, ndipo nyengo yotentha mbadwo wina umayamba kuikira pakangopita mwezi. Therere, mabiringanya, nyemba ndi fodya nazo zimagwidwa, kotero kusinthanitsa matimati ndi mbewu zimenezi sikuthandiza konse.

Kugoneka dimba zaka zingapo kukanathandiza, koma ku Chiradzulu malo ngochepa, ndipo palibe banja lingathe kudikira chotero. Njira yotheka ndiyo kubzalapo mbewu ya manyowa imene tinyongolotsiti sitiswana bwino m'mizu yake. Kalongonda, amene amayi a kuno amamudziwa kale, ndi mmodzi. Ina ndi sunn hemp. Tikasowa chakudya, tambiri timafa ndi njala.

Kalongonda abzalidwe yekha pa malo odwalawo mvula ikayamba, ndipo udzu upaliridwe, pakuti maudzu ena amasunga nematodi. Akayamba maluwa, mlimi amudule ndi kumukwirira ali wauwisi. Sunn hemp safuna nthawi yaitali: miyezi 2 yakwana. Padutse masabata 2 kapena 3 kuti masamba aole, ndipo pamenepo mbande ziokedwe. Masamba oolawo amawonjezeranso chonde.

Tsono si mbewu ya manyowa iliyonse yoyenera ntchitoyi. Ombwe ndi jerejere ndi zabwino m'munda wa chimanga, koma mizu yake imasunga nematodi. Zisabzalidwe pamene padzakhale matimati.

Kalongonda satha tinyongolotsi tonse, amangotichepetsa. Matimati akalimidwa pomwepo kawiri motsatizana timachulukanso. Nchifukwa chake dimba ligawidwe zigawo, kalongonda azisuntha chaka ndi chaka, ndipo mbande za mizu yotupa zitenthedwe, zisaokedwe. Wofuna mbewu ya sunn hemp afunse Mlangizi wa Malimidwe wa m'dera lake.