Akavalo 12 Amene Adaulutsa Munthu

Mukadzapita ku chigayo cha dizilo, mudzayang'ane pambali pa injini. Kawirikawiri pamakhala kachitsulo kokhomedwa, ndipo pa kachitsuloko pamakhala nambala yotsatana ndi zilembo ziwiri, HP. Zilembozi zimatiuza mphamvu ya injiniyo poiyerekeza ndi mphamvu ya akavalo. Wina angafunse kuti kavalo akudza bwanji m'nkhani ya makina. Adamulowetsamo ndi James Watt wa ku Scotland, amene chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ankagulitsa injini zoyendera nthunzi. Omugula anali anthu ozolowera kugwiritsa ntchito akavalo popopa madzi ndi pozunguza mphero, choncho iye adafuna njira yowauzira kuti injini imodzi ilowa m'malo mwa akavalo angati. Muyeso umene adakhazikitsa ndi uwu: kavalo mmodzi ndi mphamvu yokweza katundu wa makilogalamu pafupifupi 76 mita imodzi pa sekondi iliyonse. Amene akuphunzira Physical Science amaudziwa muyesowu ngati mawati 746.

Injini ya chigayo ndi yamphamvu ndithu, koma tayesani kuinyamula. Amaikhazika pa simenti n'kuimanga ndi mabauti, ndipo palibe amene amadandaula za kulemera kwake chifukwa nthaka ndiyo imasenza. Galimoto nayo chimodzimodzi, msewu umaisenzera. Ndege ndiye ilibe woisenzera. Iyenera kudzinyamula yokha, kunyamula injini yake, mafuta ake ndi woyendetsa wake. Nchifukwa chake anthu amene ankafuna kuuluka sankangofunsa kuti injini ili ndi akavalo angati. Ankafunsanso kuti kavalo aliyense akulemera makilogalamu angati. Nkhani ya ndege zoyamba yagona pa funso lachiwirili.

Injini ya nthunzi idayesedwa. Mu 1894, ku England, Hiram Maxim adamanga chimakina cha mapiko cholemera matani oposa atatu, cha injini ziwiri za nthunzi zomwe pamodzi zinkapereka akavalo 360. Ankachithamangitsa pa njanji, ndipo tsiku lina chidanyamuka mpaka kuthyola matabwa amene adaikidwa kuti achitchinge chisapite m'mwamba. Sichidapite patali. Nthunzi imafuna boyila, imafuna madzi, imafuna moto wowiritsa madziwo, ndipo zonsezi ndi katundu.

Chithandizo chidachokera kwa anthu amene sankaganiza n'komwe za kuuluka. Mu 1876 Nikolaus Otto wa ku Germany adakonza injini imene moto wake umayakira m'kati mwa silinda momwemo. Pisitoni imatsika kukoka mpweya wosakaniza ndi mafuta, imakwera kuupanikiza, moto ukauyatsa mpweyawo umaphulika n'kukankha pisitoni kunka pansi, kenaka pisitoni imakweranso kutulutsa utsi. Pa maulendo anayiwo, umodzi wokha ndiwo umapereka mphamvu. Mu 1886 Karl Benz adalembetsa galimoto yake ya mateyala atatu yoyendera petulo. Injini yake sinkafika ngakhale kavalo mmodzi, chonsecho inkalemera makilogalamu pafupifupi 100. Koma opanga magalimoto ankapikisana pa mijaha, ndipo pa mjaha wopepuka ndiye amapambana. Pofika 1901, galimoto yoyamba yotchedwa Mercedes, yokonzedwa ndi Wilhelm Maybach, inali ndi akavalo 35 m'injini ya makilogalamu 230. M'zaka 15 zokha, kavalo mmodzi adatsika kuchoka pa makilogalamu oposa 100 kufika pa osakwana 7. Apa ndi pamene khomo la kuuluka lidatsekukira.

Amene adalowa pa khomoli anali pachibale awiri, Wilbur ndi Orville Wright, a mu mzinda wa Dayton m'chigawo cha Ohio ku America. Ntchito yawo inali yokonza ndi kugulitsa njinga zakapalasa. Chimene chimandichititsa chidwi pa anyamatawa n'chakuti injini adaiganizira pamapeto. Kuyambira 1900 mpaka 1902 ankauluka ndi ndege zopanda injini, zongoyandama pa mphepo, ku mchenga wa pafupi ndi Kitty Hawk m'chigawo cha North Carolina. Ataona kuti manambala a m'mabuku akuwasokeretsa, mu 1901 adakhoma bokosi lalitali lopitamo mphepo, n'kuyesamo timapiko tating'ono ta maonekedwe osiyanasiyana pafupifupi 200. Adaphunziranso kuwongolera ndege popotoza nsonga za mapiko, monga achitira kabawi akamatembenuka m'mwamba. Atatha zonsezi adawerengera n'kupeza kuti akusowa akavalo 8 okha, bola injiniyo isapitirire makilogalamu 90.

Adalembera makalata makampani angapo opanga injini. Palibe imene idawapatsa chimene ankafuna. Tsono ntchito idagwera Charlie Taylor, makaniko amene ankawathandiza m'shopu yawo ya njinga. Taylor adaipanga injiniyo m'masabata asanu ndi limodzi ndi zipangizo za m'shopu momwemo. Inali ya masilinda anayi ogona chammbali. Thupi lake adaliumba ndi aluminiyamu, chitsulo chopepuka cha mtundu wa mapoto athu ophikira, m'malo mwa chitsulo cholemera chimene ambiri ankagwiritsa ntchito. Inalibe pampu ya petulo. Mafuta ankangotsika okha kuchokera m'kathanki kopachikidwa pamwamba. Inalibenso poonjezera kapena pochepetsera moto: ikalira yalira. Ikangoyamba inkapereka akavalo pafupifupi 16, koma ikatentha inkatsika kufika pa 12. Inkalemera makilogalamu 82, ndiye kuti thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50 ndi lina lopitirira theka.

Kunena zoona, injini imeneyi sinali yopambana ngakhale pa nthawi yakeyo. Makilogalamu 7 pa kavalo aliyense ndi muyeso womwe Mercedes inali itaufika kale zaka ziwiri m'mbuyomo. Nzeru ya a Wright inali yosataya mphamvu yochepayo. Adazindikira kuti pulopela, chipupa chozungulira chimene chimakankha mphepo, ndi phiko lomwe limayenda mozungulira, ndipo adasema mapulopela awo awiri potsata masamu a mapiko aja. Mapulopelawo ankasandutsa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mphamvu ya injini kukhala mphamvu yokankha ndege. Adawalumikiza ku injini ndi matcheni, monga tcheni chilumikizira mapedulo ndi gudumu la njinga, ndipo tcheni chimodzi adachipingasa kuti mapulopelawo azizungulira mosemphana, ndege isamapendekere mbali imodzi.

Pa 17 Disembala, 1903, m'mawa kukuzizira ndiponso kukuomba mphepo yamphamvu, Orville adagona chafufumimba pa phiko lam'munsi n'kunyamuka. Adakhala m'mwamba masekondi 12 ndipo adayenda mamita 37, osakwana theka la bwalo la mpira. Tsiku lomwelo adauluka kanayi mosinthana, ndipo ulendo womaliza Wilbur adayenda mamita 260 m'masekondi 59.

Kuti timvetse bwino zimene zidachitikazi, tibwerere m'mbuyo masiku asanu ndi anayi okha. Pa 8 Disembala, mu mzinda wa Washington, katswiri wa sayansi Samuel Langley adayesa ndege yake kachiwiri. Boma la America lidamupatsa madola 50,000, pamene ndege ya a Wright sidadye ngakhale madola 1,000. Injini yake, imene adaimaliza womuthandiza wake Charles Manly, inali yodabwitsa: akavalo 52, kavalo aliyense osakwana makilogalamu awiri. Adaiponya ndegeyo kuchokera padenga la boti, ndipo idathyoka n'kugwera mu mtsinje wa Potomac, monga momwe idagwera pa ulendo woyamba mu Okutobala. Manly, yemwe ankaiyendetsa, adachita kumuvuula m'madzi ozizira. Langley anali ndi akavalo ochuluka kanayi kuposa a Wright, koma ndege yake inali yofooka ndipo woyendetsayo anali asadaphunzirepo kuuluka.

Kuchokera apo, galimoto ndi ndege zidakulira limodzi ngati ana a bere limodzi, koma chilichonse ndi khalidwe lake. Mu 1908 Henry Ford adatulutsa Model T, ya akavalo 20, ndipo pofika 1927 anali atapanga magalimoto amenewa okwana 15 miliyoni. Ford sankalimbana ndi kupepuka kwa injini kwenikweni. Ankafuna injini yotsika mtengo, yopirira misewu yoipa, yoti mlimi akonze yekha. Pali kusiyana kwina kumene ambiri sitikuganizira. Injini ya galimoto imapuma: imagwira ntchito yaikulu pa chitunda, potsetsereka n'kumangoyenda pang'onopang'ono, ndipo ikazima woyendetsa amaima pambali pa msewu. Injini ya ndege za nthawi imeneyo inkakoka ndi mphamvu pafupifupi zonse kuyambira ponyamuka mpaka potera, choncho mdani wake wamkulu kunali kutentha.

Louis Blériot wa ku France adalemera pogulitsa nyali za magalimoto, ndipo chuma chakecho adachithera pa ndege. Pa 25 Julaye, 1909, adaoloka nyanja yolekanitsa France ndi England, kuchokera pafupi ndi Calais kukatera ku Dover, m'mphindi pafupifupi 37. Injini yake ya masilinda atatu, ya akavalo 25, adaipanga Alessandro Anzani, amene adayambira pa injini za njinga zamoto. Kunalibe poima panjira. Injiniyo ikadazima, pansi panali madzi okhaokha.

Yankho lochenjera pa vuto la kutentha lidachokera kwa a Seguin, pachibale enanso a ku France, ndi injini yawo yotchedwa Gnome imene idatchuka kuyambira 1909. Iwo adatembenuza zinthu. M'injini wamba, masilinda amakhala chilili ndipo mtanda wa pakati ndiwo umazungulira. Mu Gnome mtandawo adaumangirira ku ndege, ndipo masilinda onse asanu ndi awiri ndiwo ankazungulira pamodzi ndi pulopela, n'kumadziziziritsa okha mu mphepo. Sipankafunika madzi kapena rediyeta. Zotsatira zake zidali akavalo 50 pa makilogalamu pafupifupi 75. Mafuta ofewetsera zitsulo m'injinizi anali a nsatsi, omwe aja agogo amatcheza pa moto, chifukwa sasungunuka msanga mu petulo. Mafutawo ankatuluka ndi utsi n'kumathovokera kumaso kwa woyendetsa. Amene adamwetsedwapo mafuta a nsatsi ali mwana angathe kumumvera chisoni munthu ameneyu.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, idafulumizitsa zinthu, ngakhale kuti cholinga chake chinali choipa. Makampani a magalimoto monga Rolls-Royce, Mercedes ndi Hispano-Suiza adatembenukira ku injini za ndege. Injini ya Rolls-Royce yotchedwa Eagle idafika pa akavalo 360, kavalo aliyense kungopitirira pang'ono kilogalamu imodzi. Mu Juni 1919, John Alcock ndi Arthur Brown adakwera ndege ya mtundu wa Vickers Vimy, ya injini ziwiri zoterezi, n'kuoloka nyanja ya Atlantic osaima, kuchokera ku Newfoundland kukafika ku Ireland m'maola pafupifupi 16. Panali patangopita zaka zosakwana 16 chiulukire Orville masekondi 12 aja.

Komabe nambala yolembedwa pa injini imanena za mphamvu yake m'mphepete mwa nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wothinana. Mukamakwera kumtunda mpweya umapepuka, silinda imakoka wochepa, ndipo moto umachepa. Injini ya mtundu umenewu imataya pafupifupi magawo 3 pa 100 aliwonse a mphamvu yake pa mamita 300 aliwonse amene yakwera, ndipo kukatentha zimanyanya. Mapiko ndi pulopela nazo zimasowa chogwira. Izi adaziona ndi maso Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand a ku South Africa, amene mu Febuluwale 1920 adanyamuka ku England pa Vimy yotchedwa Silver Queen kulinga ku Cape Town. Ndegeyo idaonongeka usiku m'chigwa cha mtsinje wa Nile, iwo n'kupatsidwa ina ku Cairo. Yachiwiriyi idadutsa ku Livingstone n'kukatera ku Bulawayo, mzinda umene uli pa mamita oposa 1,300. Ponyamuka pamenepo mu Malichi, itadzaza mafuta, akavalo ake 720 a papepala sadakwane. Idalephera kukwera ndipo idagwa pafupi ndi pomwe idanyamukira. Awiriwo adapulumuka, ndipo adakafika ku Cape Town pa 20 Malichi pa ndege yachitatu, ya injini imodzi, imene boma la South Africa lidawatumizira.