Pepala la 2307: Mlandu wa Msonkho Wodulidwa Mopitirira ku Philippines

Lero tikupita kutali, ku Philippines, dziko la zilumba zoposa 7,000 kum'mwera chakum'mawa kwa Asia. Chotitengera kumeneko ndi pepala limodzi lomwe eni ake amangolitchula ndi nambala yake, 2307. Akauntanti wa ku Manila, ngakhale mutamudzutsa pakati pa usiku, akuuzani kuti ndi chiyani.

Pamwamba pa pepalali amalembapo miyezi itatu imene likukamba. Kenako pamabwera dzina ndi nambala ya msonkho ya kampani yolandira ndalama, ndipo m'munsi mwake dzina ndi nambala ya wolipira. Pakati pali timabokosi: ndalama za mwezi woyamba, wachiwiri, wachitatu, zonse pamodzi, ndipo kumapeto kwa mzere, msonkho umene wadulidwa. Pansi penipeni wolipira amasaina, n'kuvomera kuti ngati wanama lamulo lithane naye. Wolemba pepalali ndi kasitomala, koma amene adzalire likasowa ndi mwini ndalama.

Tiyerekeze motere. Kampani ina ili ndi nyumba ya maofesi ku Makati, ndipo ikuchititsa lendi pa mapeso 100,000 pamwezi. Lamulo la kumeneko limauza kampani yokhala m'nyumbamo kuti idule 5 peresenti. Mwini nyumba amalandira 95,000, ndipo 5,000 imapita ku Bureau of Internal Revenue, bungwe lotolera misonkho lomwe aliyense amangoti BIR. Chaka chikamatha, boma lasunga mapeso 60,000 m'dzina la mwini nyumba. Koma chaka chomwecho mphepo yamkuntho inasasula denga, kukonzetsa kunadya ndalama, ngongole ya kubanki nayo ikufuna chiwongoladzanja. Powerengera phindu lenileni, msonkho woyenera wangokwana 25,000. Ndiye kuti mapeso 35,000 ali m'thumba la boma, koma ndi a kampani. Kudula kumachitika pa ndalama zonse zolowa, pamene msonkho weniweni umawerengedwa pa phindu, ndipo pakati pa ziwirizi ndi pamene pamabadwa milandu imene tikukamba lero.

Nzeru yodula msonkho ndalama zisanafike m'manja mwa mwiniwake ndi yakale. Ku Britain, nduna yaikulu William Pitt inayambitsa msonkho wa pa zopeza mu 1799 pofuna ndalama za nkhondo yolimbana ndi France. Munthu ankanena yekha zimene wapeza, ndipo ndalama zinabwera zochepa kuposa zimene boma linkayembekezera. Mu 1803 Henry Addington anasintha njira, nati wolipira lendi kapena chiwongoladzanja azidula msonkho asanapereke. PAYE imene ogwira ntchito amaiona pa pepala la malipiro mwezi uliwonse inayamba ku Britain komweko mu 1944.

Kuno kwathu nkhaniyi si yachilendo. Bungwe la Malawi Revenue Authority (MRA), lomwe linayamba ntchito mu 2000 ndipo likulu lake lili ku Msonkho House mumzinda wa Blantyre, limatolera msonkho womwewu, umene m'maofesi amati withholding tax. Amaudziwa eni nyumba za lendi, makontilakita, ogulitsa katundu ku makampani ndi ku boma, komanso alimi a fodya ku okushoni ya Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu. Wodula amayenera kupereka ndalamazo ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo wodulidwa apatsidwe satifiketi yokhala ndi nambala yake ya msonkho, TPIN. Kampani imene mbiri yake ya msonkho ili bwino imatha kupempha satifiketi yoti isamadulidwe. Mbiri yathu imakumbukanso chikalata china chowawa kwambiri. M'nthawi ya Nyasaland, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, msonkho wa nyumba unkatsika ndi theka kwa munthu amene wasonyeza chikalata choti wagwira ntchito mwezi wathunthu kwa mzungu. Chimenecho chinali chida chokankhira anthu ku maesiteti, ndipo sichifanana ndi satifiketi ya lero. Komabe makolo athu anadziwa kalekale ululu woti zimene upereke ku boma zidalire siginecha ya munthu wamphamvu kuposa iwe.

Tibwerere ku Philippines, kumene malamulo ake ndi awoawo, ndipo milandu yotereyi yafika mobwerezabwereza ku khoti lalikulu kwambiri m'dzikomo. Kumeneko kuli khoti la misonkho yokhayokha, Court of Tax Appeals, lomwe linakhazikitsidwa mu 1954 ndipo lili ku Quezon City. Oweruza ake amayambira pa mfundo yolimba: msonkho ndiwo umayendetsa boma, choncho wofuna kubwezeredwa ndiye abweretse umboni, ndipo pamene pali chikayiko boma ndilo limapambana.

Choyamba chimene amayang'ana ndi kalendala. Kwathu kuno timati mlandu suwola, koma uwu umawola pakatha zaka ziwiri kuchokera tsiku limene kampani inapereka fomu yake ya msonkho ya pachaka. Mukachedwa ndi tsiku limodzi, mapepala anu akhale abwino chotani, nkhani yathera pomwepo. Kenako kampani isonyeze kuti ndalama zimene zinadulidwa msonkhozo inazilemba pa fomuyo ngati gawo la zopeza zake. Apa palibe chodandaula, chifukwa munthu sangabise lendi kwinaku akufuna msonkho wa lendiyo ubwerere. Ikatero, isonyeze kuti kudulako kunachitikadi, ndipo mboni yake ndi 2307 uja.

Ntchito yeniyeni ili pamenepa. Banki kapena kampani ya inshuwalansi imatha kukhala ndi mapepala oterewa odzaza makatoni, ochokera kwa makasitomala ambirimbiri. Khoti limalola kuti akauntanti woima payekha, wovomerezedwa ndi khotilo, awaunike limodzilimodzi, kuwafananitsa ndi mabuku a ndalama a kampani ndi fomu ya pachaka. Pepala lina limagwa chifukwa deti lake ndi la chaka china. Lina chifukwa kalaliki wa kasitomala analakwitsa nambala ya msonkho. Lina alibe siginecha. Lina ndalama zake sizikupezeka m'mabuku. Pepala lililonse logwa limachotsa ndalama pa zimene kampani ibwezeredwe, ndipo kawirikawiri cholakwacho chinachitikira mu ofesi ya munthu wina zaka zingapo zapitazo. Kampani yaing'ono ndi imene imavutika kwambiri, chifukwa kuvutitsa kasitomala wamkulu kuti akonze pepala kumafuna kulimba mtima. Mawa ukufunanso oda kwa iye yemweyo.

Palinso kabokosi kena kakang'ono pa fomu ya pachaka. Gawo 76 la lamulo la misonkho la mu 1997 limapatsa kampani mwayi wosankha: ndalama zotsalazo zibwezedwe, ipatsidwe satifiketi yolipirira misonkho ina, kapena zisungidwe kuti zidzachotsedwe pa msonkho wa chaka chamawa. Ikachonga kuti zisungidwe, khomo lobwezeredwa latsekeka, ndipo silitsegukanso pa ndalama zimenezo malinga kampaniyo ikadali pa bizinesi. Ingodikira chaka chimene idzakhale ndi msonkho wokwanira kuzimeza. Cholinga chake n'chomveka, kuti munthu asadye kawiri, kuchotsera msonkho wa chaka chamawa kwinaku akulandiranso cheke.

Tsopano timve milandu iwiri imene inasonyeza pamene umboni uyenera kulekezera.

Woyamba ndi wa banki ya Philippine National Bank, wokhudza msonkho wa chaka cha 2000. A BIR ananena kuti mapepala a 2307 okha sakukwanira. Banki isonyezenso kuti amene anadula aja anakaperekadi ndalamazo ku boma, ndipo olemba mapepalawo abwere adzachitire umboni. Mu Seputembala 2014 khoti lalikulu linakana zimenezo. Linati wodula msonkho amadula m'malo mwa boma, ndiye ngati wadula n'kudya ndalamazo, boma limulondole iyeyo. Wodulidwa alibe mphamvu pa mabuku a kasitomala wake, ndipo pepala losainidwa molumbira ndi umboni wokwanira. Chigamulochi analemba ndi woweruza Marvic Leonen. Ine ndikuona kuti apa khoti linaima pa chilungamo chenicheni. Boma ndilo linasankha kuti kasitomala akhale wotolera msonkho wake, ndipo likasankha molakwika, mtolowo usagwere munthu amene ndalama zake zinatengedwa kale.

Wachiwiri ndi wa kampani ya mabuloka a inshuwalansi yotchedwa Winebrenner & Iñigo. Tamverani madeti ake. Pa 15 Epulo 2004 kampaniyi inapereka fomu ya msonkho ya chaka cha 2003. Pa 7 Epulo 2006 inalembera BIR kupempha kubwezeredwa. Patangopita masiku anayi, pa 11 Epulo, inali kale ku khoti la misonkho. Wina angati inapupuluma, koma lamulo la nthawi imeneyo linkafuna kuti pempho la ku BIR ndi mlandu wa kukhoti zonse zilowe zaka ziwiri zija zisanathe, ndipo zinali kutha pa 15 Epulo. Kudikira yankho kukanaphetsa mlandu.

Mu Epulo 2010 khoti la misonkho linavomera kuti kampaniyi ibwezeredwe mapeso pafupifupi 2.7 miliyoni, ocheperapo pa zimene inapempha. Koma mu 2011 khoti lomwelo linasintha maganizo n'kukana zonse, ndipo mu 2013 khoti lonse litakhala pamodzi linagwirizana ndi kukanako. Chifukwa chake chinali chimodzi. Makampani kumeneko amaperekanso mafomu a miyezi itatu iliyonse, ndipo kampaniyi sinabweretse mafomu oterowo a chaka chotsatira, cha 2004. Funso la boma linali lakuti, tidziwa bwanji kuti ndalama zimene mukufuna zibwezedwezi simunazigwiritse kale ntchito pochepetsa msonkho wa miyezi ina ya 2004?

Funsolo ndi lanzeru, ndipo sitingalinyoze. Ndalama za boma ndi za mwana wa sukulu ndi wodwala m'chipatala, ndipo kubweza kawiri n'kuwabera iwowo. Koma kampaniyi inali itabweretsa fomu ya pachaka ya 2004, ndipo pa mzere wolembapo ndalama zotsala za chaka cham'mbuyo panalibe kanthu. Pa 28 Januwale 2015 khoti lalikulu, m'chigamulo cholembedwa ndi woweruza Jose Mendoza, linati mzere wopanda kanthuwo ndi umboni. Fomu ya pachaka imasonkhanitsa za miyezi yonse, choncho ndalamazo zikanagwiritsidwa ntchito pakati pa chaka zikanaonekera pamenepo. Linanenanso kuti palibe lamulo limene limati mafomu a miyezi itatu okha ndiwo angatsimikize nkhaniyi. Ndipo linakumbutsa a BIR kuti mafomu amene ankawafunawo anali m'mafayilo awo omwe. Akanakhala kuti akutsutsa zonena za kampani, akanangowatulutsa n'kuwaika pamaso pa oweruza. Woweruza Leonen, yemwe uja wa mlandu wa banki, pa uwu sanagwirizane ndi anzake, zomwe zikusonyeza kuti nkhaniyi inali yolemera mbali zonse. Koma ochuluka anagamula kuti mapeso 2.7 miliyoni aja abwezedwe.

Chimene chimandikhudza pa mlanduwu ndi kutalika kwa ulendo. Ndalama zinadulidwa mu 2003, chigamulo chomaliza chinabwera mu 2015. Mwana wobadwa chaka chodulacho anali atatsala pang'ono kumaliza pulayimale. Zaka zonsezo kampani inkalipira maloya ndi maakauntanti, ndipo ndalama zake zinkagwira ntchito m'manja mwa boma. Kampani ya inshuwalansi ingapirire zimenezo. Mwini galaja kapena wosindikiza mabuku amene wadulidwa mopitirira amangowerengera mtengo wa mlandu, n'kuchonga kabokosi kosungira chaka chamawa kaja, ngakhale akudziwa kuti akudzitsekera khomo. N'chifukwa chake ndikuti boma lofuna umboni wokhwima liyenera kukhwimitsanso liwiro lake loyankha, komanso lisamapemphe kwa wodandaula zimene lili nazo kale m'kabati.

Aphungu a ku Philippines anakhudzako mbali imeneyi. Mu Januwale 2024 pulezidenti Ferdinand Marcos Jr. anasaina lamulo lotchedwa Ease of Paying Taxes Act, nambala 11976. Tsopano BIR ili ndi masiku 180 oti iyankhe pempho lobwezeredwa. Ikakana, kapena masikuwo akatha ili chete, kampani ili ndi masiku 30 okadandaula ku khoti la misonkho, moti sipafunikanso kuthamangira kukhoti pempho lisanawerengedwe n'komwe. Malire a zaka ziwiri operekera pempho alipobe, ndipo 2307 akadali mboni yaikulu. Masiku 180 aja amayamba kuwerengedwa pamene kampani yapereka mapepala onse ofunika, ndipo mndandanda wa mapepala ofunikawo amalemba ndi a BIR.