Magirafu Anayi Papepala Limodzi: Mmene R Imatithandizira Kuona Zimene Manambala Amabisa

M'chaka cha 1973, katswiri wina wa masamu a ziwerengero wochokera ku England, dzina lake Francis Anscombe, anakonza magulu anayi a manambala. Gulu lililonse linali ndi madontho 11, ndipo dontho lililonse linali ndi x ndi y wake. Mukawerengera avereji ya x, mupeza 9 m'magulu onse anayi. Avereji ya y ndi pafupifupi 7.5 ponseponse. Mzere wowongoka woyenerera madonthowo ndi umodzimodzi: y = 3 + 0.5x. Ngakhale nambala yosonyeza mgwirizano wa x ndi y ndi yofanana, pafupifupi 0.816. Munthu wongodalira kakyuleta anganene motsimikiza kuti magulu anayiwa ndi chinthu chimodzi. Koma mukawajambula n'kuwaika pafupi, mudzadabwa, chifukwa safanana ngakhale pang'ono.

Lero ndikufuna tiphunzire kuika magirafu angapo pa chithunzi chimodzi pogwiritsa ntchito pulogalamu ya kompyuta yotchedwa R. Ine ndimaphunzitsa Physics, ndipo phunziro lathuli limadalira magirafu kwambiri. Amene muli mu Fomu 3 ndi Fomu 4 mukudziwa kale kuti pa mayeso a MSCE, makamaka pa practical, girafu siisowa. Koma nthawi zambiri timajambula girafu imodzi pa tsamba lake, ina pa tsamba lina, ndiye pofuna kuziyerekeza timangotembenuza mapepala uku tikudalira kukumbukira. Diso limayerekeza bwino zinthu zikakhala moyandikana.

R ndi chiyani?

R ndi chiyankhulo cha kompyuta chopangidwira ntchito ya ziwerengero ndi kujambula magirafu. Anachiyambitsa aphunzitsi awiri a pa University of Auckland ku New Zealand, Ross Ihaka ndi Robert Gentleman, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mwaona kuti mayina awo onse akuyamba ndi R? Mtundu wa 1.0.0 unatuluka pa 29 February 2000. Chosangalatsa n'chakuti R ndi yaulere. Mukangoitsitsa kamodzi pa intaneti n'kuiika pa kompyuta, zonse zimene ndionetse m'magawo oyambirira a nkhaniyi zimatheka popanda bando. Ngati kusukulu kwanu kuli labu ya makompyuta, apempheni aphunzitsi kuti ayiikemo.

Lamulo loyamba: par ndi mfrow

Mu R, mukalemba plot, girafu imadzaza windo lonse. Mukalembanso plot ina, yoyamba ija imachoka. Kuti magirafu akhale pamodzi, muyenera kugawa kaye windolo, monga mmene mlimi amagawira dimba m'mabedi asanafese. Lamulo lake ndi ili:

par(mfrow = c(2, 2))

Nambala yoyamba ikutanthauza mizere yopingasa, yachiwiri mizere yotsika. Apa tagawa tizipinda tinayi. Girafu yoyamba ilowa pamwamba kumanzere, yachiwiri pamwamba kumanja, yachitatu pansi kumanzere, yachinayi pansi kumanja, monga timawerengera buku. Mukalemba mfcol m'malo mwa mfrow, R iyamba kudzaza motsika: ithana kaye ndi mbali ya kumanzere kenako ipite kumanja.

Manambala a Anscombe aja ali kale m'kati mwa R, simusowa kuwalemba nokha. Yesani izi:

par(mfrow = c(2, 2))
for (i in 1:4) {
  x <- anscombe[, i]
  y <- anscombe[, i + 4]
  plot(x, y, xlim = c(3, 20), ylim = c(2, 14), pch = 19, main = paste("Gulu", i))
  abline(lm(y ~ x))
}
par(mfrow = c(1, 1))

Musaope kuchuluka kwa zizindikiro. Mawu akuti for akungouza kompyuta kuti ibwereze ntchito imodzimodziyo kanayi. Mzere wa abline ukujambula mzere wowongoka woyenerera madonthowo, umene m'kalasi timajambula ndi rula. Mzere womaliza ukubwezera windo mwakale. Umenewu musamauiwale, apo ayi girafu iliyonse yotsatira izidzatuluka yaing'ono, itapanikizika pakona.

Tsopano yang'anani zimene zatuluka ndi maso a munthu wa Physics. Gulu loyamba lili ngati zotsatira za practical yabwinobwino: madontho amwazikana pang'ono mbali zonse za mzere. Gulu lachiwiri ndi lopindika ngati uta, ndipo mzere wowongoka sukuyenera kukhalapo n'komwe. Zotere zimachitika mukamayeza voltage ndi current ya babu la kawaya: kawayako kakatentha, resistance imakwera, girafu n'kupindika, ndiye wokakamiza rula pamenepo akunamiza lamulo la Ohm. Gulu lachitatu lili ndi madontho khumi ondondozana bwino, koma limodzi lathawira m'mwamba n'kukokera mzere wonse kumbali kwake. Ku labu tikaona zotere timabwerera kukayezanso, chifukwa mwina wina anawerenga mita molakwika. Gulu lachinayi ndiye loopsa: madontho khumi onse ali pa x = 8, limodzi lokha lili kutali pa x = 19. Kupendekera konse kwa mzerewo kwadalira muyeso umodzi basi.

Anscombe anakonza manambalawa dala pofuna kuonetsa kuti munthu ayenera kujambula asanakhulupirire zimene wawerengera. Ndipo phunziro lakelo limamveka msanga magirafu anayiwo akakhala pa tsamba limodzi.

Mwala ukugwa: magirafu atatu osanjikizana

Tiyeni tibwere ku mutu wa motion. Tiyerekeze kuti mwala wagwa kuchokera pamalo okwera, ndipo mphepo sikuusokoneza. Titenga g kukhala 9.8 m/s², ngakhale m'mabuku ena amangoti 10 kuti masamu aphweke. Tikufuna magirafu atatu: mtunda, liwiro ndi acceleration, onse motsatira nthawi. Poti onse akugwiritsa ntchito nthawi imodzimodzi, ndi bwino kuwasanjikiza, wina pamwamba pa mnzake.

g <- 9.8
nthawi <- seq(0, 3, by = 0.1)
mtunda <- 0.5 * g * nthawi^2
liwiro <- g * nthawi
acc <- rep(g, length(nthawi))

par(mfrow = c(3, 1), mar = c(4, 4, 1, 1))
plot(nthawi, mtunda, type = "l")
plot(nthawi, liwiro, type = "l")
plot(nthawi, acc, type = "l", ylim = c(0, 12))

Mwaona kuti mayina a zinthu ndawalemba m'Chichewa? R ilibe nazo vuto zimenezo, bola musaike mpata pakati pa dzina.

Ikani rula moimirira pa sekondi yachiwiri, idutse magirafu onse atatu. Pamwamba muwerenga mamita 19.6, pakati 19.6 m/s, pansi 9.8 m/s². Isuntheni ifike pa sekondi yachitatu: mamita 44.1, liwiro 29.4 m/s, koma acceleration ikadali 9.8. Girafu ya pamwamba ikunka niikwera motsetsereka kwambiri, ndipo kutsetsereka kumeneko ndiye liwiro limene mukuliona pakati. Girafu ya pakati ikukwera mosasintha, ndipo gradient yake ndi mzere wogona umene uli pansi. Mukhozanso kuyenda chobwerera m'mwamba: malo a pansi pa girafu ya liwiro ndi triangle, theka kuchulukitsa ndi 3 kuchulukitsa ndi 29.4, yankho lake 44.1, womwe ndi mtunda uja. Ophunzira ambiri amaloweza ziganizo ziwirizi, ya gradient ndi ya area, ngati ndakatulo. Akaona magirafu atatuwa atasanjikizana, amayamba kufotokoza okha chifukwa chake.

Nanga mar ndi chiyani? Ndi malire opanda kanthu ozungulira girafu iliyonse, ndipo manambala anayiwo amayambira pansi, kumanzere, pamwamba, n'kumalizira kumanja. R ikasiyidwa yokha imagwiritsa ntchito 5.1, 4.1, 4.1 ndi 2.1, omwe ndi aakulu kwambiri magirafu akachuluka. Mukaona uthenga wakuti "figure margins too large", musaganize kuti kompyuta yawonongeka. Chepetsani mar kapena kulitsani windo, basi. Dziwaninso kuti mizere ikafika itatu kapena kuposa, R imachepetsa yokha kukula kwa zilembo, choncho onetsetsani kuti zikuwerengeka musanapulinte.

Msampha wa sikelo

Apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu. R imadzisankhira yokha sikelo ya girafu iliyonse kuti madontho adzaze malo onse. Girafu ikakhala imodzi, zimenezi n'zothandiza. Akakhala angapo oti muwayerekeze, zingakusocheretseni.

Tengani ma resistor awiri, wina wa 10 ohms wina wa 100 ohms, ndipo voltage ichoke pa 0 kufika 6 V. Woyambayo current yake ifika 0.6 A, wachiwiriyo 0.06 A yokha. Mukajambula current motsatira voltage pa magirafu awiri oyandikana osauza R za sikelo, mizere yonse iwiri idzachoka pakona ya pansi kumanzere kukafika pakona ya pamwamba kumanja. Wongoyang'ana mothamanga adzati ma resistor awa ndi ofanana, pomwe wina amaposa mnzake kakhumi. Mankhwala ake ndi kulemba ylim = c(0, 0.6) pa magirafu onse awiri. Mukatero mzere wachiwiri udzagona pafupi ndi pansi, ndipo kusiyanako kudzaonekeratu. N'chifukwa chake pa manambala a Anscombe paja ndinaika xlim ndi ylim zofanana pa magulu onse.

Lamulo lake n'losavuta. Ngati magirafu akuyeza chinthu chimodzi, sikelo ikhale imodzi. Ngati akuyeza zinthu zosiyana, monga mamita ndi m/s, sikelo ya mbali yoimirira isiyane ndithu, koma ya nthawi igwirizane. Luso limeneli lidzakuthandizaninso powerenga magirafu a m'nyuzipepala kapena amene amazungulira pa WhatsApp, okhudza mitengo ya zinthu, mvula kapena matenda. Musanagome ndi kukwera kwa mzere, yambani mwawerenga manambala a m'mbali.

Magirafu osafanana kukula

Nthawi zina mumafuna girafu imodzi yaikulu pamwamba ndi ziwiri zazing'ono pansi. Pamenepo mfrow siithandiza, chifukwa imagawa tizipinda tofanana. Gwiritsani ntchito layout:

layout(matrix(c(1, 1, 2, 3), nrow = 2, byrow = TRUE))
layout.show(3)

Taganizirani tebulo la mizere iwiri. Mzere wa pamwamba muli 1 ndi 1, kutanthauza kuti girafu yoyamba itenga malo onse awiri. Mzere wa pansi muli 2 ndi 3. Lamulo la layout.show limakuonetsani mmene mwagawira musanajambule chilichonse. Izi zimakhala bwino pa practical ya pendulum: pamwamba T motsatira kutalika kwa chingwe, yomwe imapindika, pansi kumanzere T² motsatira kutalika, yomwe imawongoka, ndipo pansi kumanja kusiyana kwa dontho lililonse ndi mzere wowongokawo.

Kwa amene mukufuna kupita patsogolo

Anthu ambiri ogwiritsa ntchito R masiku ano amajambula ndi phukusi lowonjezera lotchedwa ggplot2, limene analemba Hadley Wickham potsatira maganizo a m'buku la Leland Wilkinson lotchedwa The Grammar of Graphics. Chenjezo ndi lakuti par ndi layout sizigwira ntchito pa magirafu a ggplot2, chifukwa iwo amajambulidwa m'njira ina. Kumeneko muli njira ziwiri. Ngati manambala anu ali pa tebulo limodzi ndipo agawika m'magulu, monga zotsatira za magulu asanu a m'kalasi, facet_wrap imajambula kagirafu ka gulu lililonse, ndipo sikelo imaifananitsa yokha. Ngati magirafu ndi osiyanasiyana, phukusi la patchwork, lolembedwa ndi Thomas Lin Pedersen, limawalumikiza ngati masamu: p1 + p2 kuwaika moyandikana, p1 / p2 kuwasanjikiza. Mapukusi awiriwa amafuna intaneti pa tsiku lowaika lokha.

Kaikidwe kotere ka timagirafu tofanana tambirimbiri Edward Tufte, mlembi wa ku America wa mabuku okhudza kajambulidwe ka ziwerengero, anakatcha small multiples. Mukamva dzina limeneli kuyunivesite, mudzadziwe kuti ndi zomwezi.

Mukamaliza ndipo mukufuna kusunga chithunzi chanu, lembani png("kugwa.png") musanayambe kujambula, kenako malamulo a par ndi plot, n'kutsekera ndi dev.off(). Mukaiwala dev.off, fayilo siimalizika kulembedwa ndipo mwina siitseguka.

Nanga ngati kulibe kompyuta?

Ndikudziwa kuti ambiri a inu, makamaka a ku ma CDSS, kompyuta mumaigwira mwa apo ndi apo. Musadandaule. Tengani graph paper imodzi, igaweni patatu ndi pensulo, lembani sikelo ya nthawi yofanana pa zigawo zonse, ndipo jambulani magirafu a mwala uja pamanja. Mfundo zake sizisintha: dzina ndi unit pa axis iliyonse, sikelo yogwirizana, ndiponso dongosolo loti diso liyende mosavuta.

Ntchito ya sabata ino nayi. Mpira waponyedwa molunjika m'mwamba ndi liwiro la 19.6 m/s. Jambulani magirafu atatu osanjikizana, a kutalika, velocity ndi acceleration, kuyambira 0 mpaka masekondi 4, pa R kapena pamanja, ndipo mbali ya m'mwamba muitenge ngati positive. Kenako ikani rula pa sekondi yachiwiri, pamene mpira wafika pamwamba penipeni. Velocity pamenepo ndi zero. Nanga acceleration ndi zingati? Kambiranani ndi anzanu, ndipo yankho mukaonetse aphunzitsi anu a Physics limodzi ndi magirafuwo.