Galu wosaka asamadye makombo okha

Kuno ku Vubwi timanyadila galu wogwila kalulu, koma pakhomo timamuponyela makombo cabe.

Alenje a ku Scotland ali ndi galu wamkulu wochedwa Gordon Setter, wakuda wa mawanga ofiilila, wolemela mpaka makilogalamu 36. Akamva fungo la mbalame zonga nkhwali saithamangitsa ai. Amangoima cilili, mphuno kuloza pamene yabisala, kufikila mbuyake afike. Ndi wofatsa, koma mukamumangilila tsiku lonse amayamba kuvuta. Ubweya wake wautali umafuna kupesa cifukwa umabisa nkhupakupa.

Nawonso agalu athu afunika cakudya cokwanila, madzi, kuthamanga ndi katemela wa ciwewe caka ciliconse. Ciwewe cikaonekela mwa mwana wolumidwa sicicilitsika. Tiyeni tiwapeleke kwa a vetenale.