Za Antchito Amene Amadzuka Pamodzi ndi Seva

Seva ndi kompyuta imene imatumikira makompyuta ena usana ndi usiku, monga posunga makalata kapena masamba a pa intaneti. M'kati mwake muli mapulogalamu amene amadzuka okha makinawo akayatsidwa, nakhala tcheru kuyembekeza pempho. M'nkhani ino tiwatcha antchito. Wina amalandira makalata, wina amatumiza zolembedwa ku makina osindikizira, winanso amatsegulira woyang'anira seva khomo pamene iye ali kutali.

Tsono wantchito aliyense womvera mapempho ochokera kunja ali ngati khomo la nyumba, ndipo makomo akachuluka mlonda sangawaone onse. Mu Novembala 1988, pulogalamu yodzifalitsa yokha imene analemba Robert Tappan Morris inalowa m'makompyuta zikwizikwi ku America, ndipo ena mwa makomo amene inadzera anali antchito otchedwa sendmail ndi fingerd. Ndicho chifukwa chake woyang'anira wanzeru amagoneka wantchito aliyense amene sakufunika.

Kodi amawadzutsa ndani? M'makina a Unix ndi Linux, pulogalamu yoyamba kudzuka ndiyo kapitao wa onse, ndipo nambala yake ndi 1. M'dongosolo lakale lochokera ku Unix System V, imene kampani ya AT&T inatulutsa mu 1983, kapitaoyu ndi init. Malangizo odzutsira wantchito aliyense amasungidwa mu /etc/init.d, ndipo m'malo ngati /etc/rc3.d mumakhala mndandanda wa maina. Dzina loyamba ndi S limatanthauza kuti "mdzutseni", loyamba ndi K kuti "muimitseni". Nambala yotsatira chilembocho imaonetsa woyamba ndi wotsiriza: S10 amadzuka S20 asanadzuke. Pofuna kuti wina asadzuke, woyang'anira amasintha S kukhala K.

Mu 2010 Lennart Poettering ndi Kay Sievers anatulutsa kapitao watsopano, systemd, amene Fedora inamlandira mu 2011, Debian ndi Ubuntu mu 2015. Kwa iyeyu timalankhula ndi lamulo la systemctl, ndipo pali mau atatu amene wophunzira ayenera kuwasiyanitsa bwino.

Loyamba ndi stop, ndiko kuimitsa. Wantchito amaleka nthawi yomweyo, koma dzina lake likadali pa mndandanda; makina akazimitsidwa ndi kuyatsidwanso, iye adzadzukanso. Ambiri amalakwira apa, nayesa kuti atseka khomo pamene angolikankha chabe.

Lachiwiri ndi disable, ndiko kufafaniza dzina pa mndandanda. Mawa wantchitoyo sadzadzutsidwa, koma lero akugwirabe ntchito kufikira mutamuimitsa. Ofuna zonse ziwiri nthawi imodzi amalemba systemctl disable --now ndi dzina la wantchitoyo. Ngakhale zili choncho, wantchito mnzake amene amamdalira angathe kumdzutsa.

Lachitatu ndi mask, ndiko kutsekereza kotheratu. Malangizo ake amalozedwa ku /dev/null, kumene kulibe kanthu, kotero kuti ngakhale munthu kapena pulogalamu sangamdzutse kufikira lamulo la unmask litaperekedwa.

Koma ntchitoyi imafuna kufatsa. Yambani mwaona amene ali pa mndandanda polemba systemctl list-unit-files, ndipo musagoneke wantchito amene simukudziwa ntchito yake. Paja safunsa anadya phula. Chenjerani makamaka ndi sshd, amene amamvera pa khomo la nambala 22. Iyeyu ndiye amakulowetsani muli kutali. Mukamtsekereza, mwadzitsekera nokha kunja, ndipo mwina mudzayenera kuyenda ulendo kukafika pamene pali makinawo.

Choncho gonekani mmodzimmodzi, ndipo lembani m'buku tsiku ndi chimene mwasintha, kuti wodzalowa m'malo mwanu asadzasokonezeke. Potsiriza, pa nthawi imene anthu sakuigwiritsa ntchito, zimitsani seva ndi kuiyatsanso. Pamenepo ndi pamene mudzaona ngati amene munawagoneka agonadi, ndi ngati ofunikawo adzuka onse.