Ofesi Yalowa M'nyumba: Nanga Ana Athu Akomboka Nthawi Yanji?

Alimi tonse tidziwa kuti ng'ombe zolima sizikhala pagoli tsiku lonse. Timazimanga mbandakuca, ndipo dzuwa likatentha timazimasula kuti zikadye ndi kumwa madzi. Amene aziumiriza kulima kufikira madzulo, pofika mu Januwale amapeza nthiti zao zili poyera. Koma cifundo cimene ticitira ng'ombe, ena mwa ana athu sacipeza ku nchito zao.

Matenda a COVID-19 atalowa m'Zambia mu Marichi 2020, makampani ambiri anauza anchito ao kuti azisewenzera kunyumba. Mliri unapita, koma cizolowezi cinatsala. Lero mu Lusaka, mu Chipata ngakhale ku Katete ndi ku Petauke muli anyamata ndi atsikana amene awerengera ndalama za kampani, ayankha makasitomala kapena alemba malipoti ali m'cipinda cogona, pa kompyuta ndi foni. Bwana wao angakhale ku Lusaka, ku Johannesburg kapena ku London.

Dzinja lapita mwana wa alongo athu anabwera kudzakhala nafe, nanyamula nchito yake m'cola. Tinakondwera, tinati dzanja lina lapezeka pakhomo. Sipanapite milungu iwiri tinaona zina. Anali kuyamba 07 koloko m'mawa, koma 22 koloko usiku foni inali kulirabe. Manijala wake anali kutuma uthenga usiku nafuna yankho pompo. Cimene walamula m'mawa, masana wacisintha, ndipo cikalakwika anali kumukalipira pamsonkhano wa pa kompyuta anzake onse akumva. Ifenso tinaonjezapo katundu. Pomuona ali khale pampando tinali kumutuma ku cigayo ndi kumsika, ngati munthu wosowa cocita.

Mwanayo anayamba kuonda, mutu kuwawa, tulo kusowa. Maliro a pafupi anacitika iye osapondako, anthu nayamba kunena kuti wanyada. Ku kiliniki anapeza kuti BP yake yakwera. Titamufunsa cifukwa cake sanadandaule ku nchito, anatikumbutsa kuti feteleza wa m'munda mwathu ndi fizi ya mng'ono wake ku koleji zicokera pa malipiro omwewo. Tinasowa pogwira.

Maola amaculuka bwanji kwa munthu wosewenzera kunyumba? Ku ofesi 17 koloko ikakwana, citseko amakhoma ndipo basi siyembekezera munthu. Kunyumba kulibe cokhoma. Bwana amene sakuona ndi maso amayamba kukukayikira, motero amaimba kawirikawiri kuti atsimikize kuti sunagone. Wanchito naye, poopa kuonedwa ngati waulesi, amayankha nthawi iliyonse, ndipo cimene wacita kamodzi mwaulemu cimasanduka lamulo. Palinso kusiyana kwa nthawi. London ili kumbuyo kwathu ndi ola limodzi kapena awiri, New York ndi maola 6 kapena 7, kotero kuti bwana wa kumeneko akamabwerako ku cakudya ca masana, kuno tayala mphasa. Tikumbukiranso cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo m'malo ambiri malaiti anali kubwera maola owerengeka cabe. Ambiri anali kudzuka pakati pa usiku kuti atsirize nchito malaiti asanapitenso.

Nkhaniyi si ya kutopa cabe. Mu 2021 mabungwe a WHO ndi ILO analengeza kuti m'caka ca 2016 anthu 745,000 padziko lonse anafa ndi sitiroko ndi matenda a mtima cifukwa cogwira nchito maola 55 kapena kuposa pamlungu. Anapeza kuti wogwira maola otere ali pangozi ya sitiroko yoposa ndi 35 peresenti poyerekeza ndi wogwira maola 35 kufika 40. Maiko ena anacitapo kanthu. Ku France lamulo lopatsa wanchito ufulu wosayankha mauthenga a nchito atakomboka linayamba mu 2017, ndipo ku Portugal mu 2021 analetsa mabwana kubvutitsa anchito ndi mafoni nthawi yopuma.

Kwathu kuno tili ndi lamulo la nchito la Employment Code Act la 2019. Linaika maola 8 patsiku ndi 48 pamlungu. Maola opitirira apo ndi ovataimu, yolipiridwa kamodzi ndi theka, ndipo pa tsiku lopuma kapena pa holide ya Boma kawiri, ngakhale kuti a maudindo aumanijala ali ndi makonzedwe ao. Linanenanso za ola limodzi la cakudya, tsiku lathunthu lopuma pa masiku 7 alionse, ndi masiku awiri a chuti pa mwezi uliwonse umene munthu wagwira. Kukhala kunyumba sikucotsa munthu pa kaundula wa anchito.

Wamva m'mimba ndiye atsegula citseko. Coyamba cimene mwana wathu anacita ndi kugula kabuku ndi kulembamo tsiku lililonse nthawi imene wayamba, imene watsiriza, ndi mafoni onse a usiku. Mauthenga a bwana anawasunga. Caciwiri, lamulo lililonse lopatsidwa pakamwa anayamba kulibwereza m'kalata yaifupi, kuti mawa pasakhale kukana. Cacitatu, nchito zikaunjikana analeka kungobvomera. Anali kufunsa mwaulemu kuti, bwana, mwandipatsa zitatu ndipo tsiku lili limodzi, ndiyambe iti? Potsiriza anapempha kuti akambirane ndi manijalayo mitima ili pansi, kabuku kali m'manja, nagwirizana ola lokombokera.

Ngati bwana samva, njira ilipo: ofesi yoona za anchito pakampani, yuniyoni kwa amene ali mamembala, ndiponso ofesi ya Leba ya m'boma lanu. Amene alembedwa ndi makampani akunja awerenge bwino pangano asanasaine, makamaka pa maola ndi malipiro, pakuti kutsata bwana wa kutsidya la nyanja nkobvuta. Tisalimbikitsenso mwana kusiya nchito mwa ukali. Ayambe wafunafuna ina akali pa iyi, popeza nchito ndi zosowa.

Ife makolo tili ndi gawo lathu. Timupatse mwanayo malo ake ndi tebulo, ana ang'ono tiwaletse phokoso, ndipo tisamutume m'maola a nchito. Nthawi yokomboka ikakwana timuitane kudzadya nafe, foni itsale m'cipinda. Tipenyenso zimene tipempha. Ngati mwezi uliwonse tifuna ndalama za mbeu, za malata ndi za cinkhoswe kwa mwana mmodzi, ndife tamumanga pagoli, bwana angogwira cikoti. Ndipo anzathu a mumpingo, tikaona wacinyamata wasowa pa Sondo ndi pamisonkhano, tikamucezere tisanamuweruze. Mwina wakhala maso kufikira tambala woyamba.

Manijala uja sanasanduke mngelo. Amakalipabe, ndipo kumapeto kwa mwezi maola amatalikabe. Koma mafoni a usiku anacepa, pa Sondo foni imakhala yotseka, ndipo BP inatsika. Feteleza wa caka cino tagwirizana kuti tigawane mtengo ndi abale ena, mwanayo apumeko.